Kufufuza makolo a ku Caribbean: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa anthu ofuna kudziwa makolo awo a ku zilumba za Caribbean, ku Guyana ndi ku Suriname. Mayankho ambiri akunena za maiko amene ankalamulidwa ndi Britain. Zilumba za Afalansa, Adatchi ndi ena zili ndi funso lakelake.

Ndiyambire pati?

Yambirani pa inu eni ake, n'kumabwerera m'mbuyo m'badwo umodziumodzi. Pa dzina lililonse lembani tsiku, malo ndi kumene mwazimva. Chachitatuchi anthu ambiri amachinyozera, ndiye pakatha chaka sadziwanso ngati 1921 anaiona pa satifiketi kapena anangoimva kwa azakhali pa ukwati.

Mukatero khalani pansi ndi akuluakulu a m'banjamo, aliyense payekha. Mawu a akulu akoma akagonera, koma pa ntchito iyi musawasiye agonere: ajambuleni pa foni tsiku lomwelo. Musanene kuti "agogo, tiuzeni mbiri yathu", chifukwa angokuyankhani kuti anaiwala. Afunseni kuti ankapemphera mpingo uti, anaphunzira sukulu iti, mayi awo anaikidwa kuti, munda wa banja uli pati, ndani ankatumiza makalata kuchokera kunja. Pemphani kuona pasipoti zakale, tsamba loyamba la Baibulo la banja, kumbuyo kwa zithunzi, komanso timabuku ta mwambo wa maliro. Timabuku timeneti mabanja a ku Caribbean amatisunga kwambiri, ndipo timatchula ana, adzukulu ndi abale a malemuyo, nthawi zina ndi dziko limene aliyense ali.

Banja limangoti tinachokera ku Jamaica. Kodi zimenezo n'zokwanira?

Ayi. Mukufunika parishi, ndipo ngati n'kotheka mudzi kapena esiteti. M'zilumba zambiri parishi inali dera la boma komanso la mpingo, ndiye mabuku anasanjidwa motsatira maparishi. Kufufuza Williams kapena Brown pa Jamaica yense kukupatsani anthu zikwizikwi osadziwana.

Chenjerani ndi maina a maparishi amene anatha. Jamaica anali ndi maparishi 22, ndipo m'zaka za m'ma 1860 anawachepetsa kufika pa 14. Vere inalowa mu Clarendon. St John, St Dorothy ndi St Thomas in the Vale zinalowa mu St Catherine. St David inalowa mu St Thomas. Munthu wobatizidwira ku Vere n'kudzamwalira ku Clarendon mwina sanasunthe pakhomo pake n'komwe. Kumbukiraninso kuti maina ngati St George, St Andrew ndi St John akupezeka pa zilumba zingapo, choncho nthawi zonse lembani parishi pamodzi ndi chilumba chake.

Kodi maboma anayamba liti kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira?

Dziko lililonse linayamba nthawi yake. Trinidad anayamba mu 1848, Guyana mu 1869. Jamaica anayamba kulemba obadwa ndi omwalira mu 1878, maukwati mu 1880. Barbados anachedwa: obadwa mu 1890, omwalira mu 1925. Zaka zoyambirira anthu ambiri a kumidzi sankalembetsa, ndiye kusowa kwa satifiketi sikutanthauza kuti munthuyo sanabadwire kumeneko.

Mabuku amenewa ali ku zilumba komweko. Ku London kulibe, ngakhale maikowa anali pansi pa Britain. Ku Jamaica amawasunga ku ofesi ya Registrar General, ku Spanish Town. Zithunzi za mabuku ambiri a Jamaica ndi Barbados mukhoza kuziona mwaulere pa tsamba la pa intaneti la FamilySearch mukangotsegula akaunti. Musakhutire ndi mzere umene kompyuta yakuonetsani. Tsegulani chithunzi cha tsamba lenilenilo, chifukwa pamenepo ndi pamene pali dzina la amene anakanena za kubadwako, ubale wake ndi mwanayo, ndi kumene ankakhala.

Dzina la agogo silikupezeka m'kaundula. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi chimodzi mwa zinthu zinayi. Choyamba, dzina limene mukulidziwa ndi la pakhomo. M'mabanja a ku Caribbean si zachilendo munthu kudziwika moyo wake wonse ndi dzina limene silili pa chikalata chilichonse, adzukulu n'kudzamva dzina lenileni pa maliro.

Chachiwiri, ngati makolo sanakwatirane mwalamulo, ndipo ambiri sanatero, mwana ankalembedwa pa dzina la mayi, malo a bambo n'kusiyidwa osalemba. Mwanayo pokula ankatenga dzina la bambo. Fufuzani ndi dzina la mayi la kwawo. Chachitatu, ku Jamaica makanda ena ankalembetsedwa asanapatsidwe dzina, ndiye m'kaundula mungoona "mwana wamkazi", tsiku ndi dzina la mayi. Chachinayi ndi kalembedwe. Mlembi ankalemba zimene wamva, moti Pierre akhoza kukhala Peer, ndipo Ramkissoon akhoza kulembedwa m'njira zitatu m'banja limodzi.

Zaka za kubadwa nazo musazikhulupirire kwambiri. Onjezani zaka 5 mbali zonse za chaka chimene mukuganizira.

Nanga boma lisanayambe kulemba, tingadalire chiyani?

Mabuku a mipingo. Pa zilumba za Angerezi mpingo wa boma unali wa Anglican, ndipo mabuku ake ku Jamaica ndi Barbados amayambira m'zaka za m'ma 1600. Koma akale kwambiriwo ndi a azungu ndi anthu ochepa amene anali mfulu. Ubatizo wa akapolo unachuluka m'zaka 20 zomaliza za ukapolo.

Anthu akuda ambiri ankapemphera ku Baptist, Methodist ndi Moravian. Mabuku a mipingo imeneyi ena akadali ku matchalitchi, ndipo a Moravian ndiwo amadziwika kuti analembedwa mosamala. Ku St Lucia, Dominica, Grenada ndi Trinidad anthu ambiri anali Akatolika, ndipo mabuku akale ali m'Chifalansa, Chisipanishi kapena Chilatini. Mmenemo dzina loti John lidzaoneka ngati Jean, Juan kapena Joannes. Lembaninso maina a mboni za ubatizo ndi za ukwati, chifukwa nthawi zambiri ndi alongo, amalume kapena oyandikana nawo nyumba.

Kodi anthu amene anali akapolo analembedwa pena pake ndi maina awo?

Inde, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa. Britain ataletsa malonda a akapolo mu 1807, anafuna kutseka njira yoti eni minda azilowetsa anthu mozemba. Ndiye analamula kuti kapolo aliyense alembedwe m'kaundula. Trinidad anayamba mu 1813, ndipo zilumba zambiri zinayamba mu 1817. Kalemberayu anapitirira mpaka ukapolo utatha mu 1834. Makope ankatumizidwa ku London, ndipo lero ali ku The National Archives, ku Kew, m'gulu la mabuku lotchedwa T 71. Ambiri anajambulidwa ndipo amapezeka pa tsamba la Ancestry.

Zolembedwamo zimasiyana malinga ndi chilumba. Za ku Jamaica zimatchula dzina, khungu, zaka zongoyerekeza, komanso ngati munthuyo anabadwira ku Africa kapena pa chilumbapo. Mayi akakhala pa esiteti yomweyo, dzina lawo limalembedwa pambali pa la mwana. Za ku Trinidad ndi St Lucia ndi zolemera kuposa pamenepo: anthu anaikidwa m'mabanja, ali ndi dzina lachiwiri, ntchito, msinkhu, zipsera kapena mphini za pankhope, ndi dera la ku Africa limene anachokera. Za bambo wa mwana zilumba zambiri sizinena kanthu.

Dziwani kawerengedwe kake. Pa zilumba zambiri kaundula woyamba ndiye ali ndi maina a anthu onse. Otsatira ake, amene ku Jamaica ndi a 1820, 1823, 1826, 1829 ndi 1832, amangotchula zimene zasintha: obadwa, omwalira, ogulidwa, ogulitsidwa, omasulidwa, othawa. Munthu akasowa mu kaundula wa 1826 sikuti anamwalira. Ndiye kuti palibe chinamuchitikira choyenera kulembedwa. Mabukuwa anasanjidwanso ndi dzina la mwini akapolo, osati la kapoloyo, ndipo n'chifukwa chake funso lotsatirali ndilo phata la ntchito yonse.

Ndingalumikize bwanji satifiketi za boma ndi kaundula wa akapolo?

Pakati pa 1834 ndi chaka chimene boma linayamba kulemba pali mpata, ndipo ku Jamaica ndi wa zaka 44. Mlatho wake ndi munthu mmodzi amene anakhala ndi moyo mbali zonse ziwiri.

Funani satifiketi ya imfa ya munthu wokalamba wa m'banja lanu. Tiyerekeze mayi amene anamwalira mu 1885 ali ndi zaka 70. Ameneyo anabadwa cha m'ma 1815, ndiye mu kaundula wa 1817 ayenera kuoneka ngati mwana wa zaka pafupifupi 2. Onani mudzi umene anamwalirira. Kenako pitani ku mabuku a ubatizo a zaka za m'ma 1840 ndi 1850, mupeze ana ake, muone malo amene makolowo ankakhala. Nthawi zambiri palembedwa dzina la esiteti, chifukwa ambiri anatsalabe pafupi ndi pamene ankagwira ukapolo. Ena anasamukira ku midzi ya omasulidwa imene amishonale anathandiza kukhazikitsa, monga Sligoville, koma ambiri a iwonso sanapite kutali.

Mukapeza esiteti, funani mwini wake. Ukapolo utathetsedwa, boma la Britain linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo ngati chipukutamisozi, pamene akapolowo sanalandire kalikonse. Maina a amene anapempha ndalamazo, oposa 40,000, ndi maesiteti awo, mukhoza kuwafufuza mwaulere pa tsamba la Legacies of British Slavery la University College London. Dzina la mwiniyo ndilo mupite nalo ku T 71.

Vuto limene limagwetsa ambiri lili apa. Pa esiteti imodzi pakhoza kukhala atsikana atatu otchedwa Mary a zaka zofanana. Musasankhe mmodzi chifukwa choti mwatopa. Funani umboni wachiwiri: dzina la mayi, dzina la mlongo limene likudzaonekanso mwa ana ake, kapena mzere wa m'buku la ubatizo umene ukutchula dzina lakale ndi latsopano pamodzi. Ukasowa umboniwo, lembani kuti "mwina", ndipo musaike pa intaneti ngati zotsimikizika, chifukwa ena adzakopera cholakwikacho.

Kumbukiraninso kuti pa 1 Ogasiti 1834 amene anamasuka nthawi yomweyo anali ana osafika zaka 6. Ena onse anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa eni awo akale mpaka 1 Ogasiti 1838, kupatula ku Antigua ndi Bermuda kumene anamasula onse mu 1834. Maukwati ndi maubatizo a zaka zinayi zimenezi amatchula esiteti kawirikawiri, ndiye ndi ofunika kwambiri.

Kodi dzina la banja lathu ndi la mwini akapolo?

Mwina, koma musayambe ndi kuganiza choncho. Dzina la banja ku Caribbean siligwira ntchito ngati mfunda wa Phiri kapena Banda, umene umakulozerani mtundu. Pa zilumba za Angerezi panalibe lamulo lopereka maina. Ena anatenga la mwini esiteti, ena la kapitawo, la mbusa wobatiza, la mboni ya ubatizo, la bambo wowabereka, kapena limene anangolikonda. Abale a mimba imodzi akhoza kukhala ndi maina osiyana, ndipo anthu awiri otchedwa Campbell pa esiteti imodzi akhoza kukhala opanda ubale uliwonse. Malo ndiwo amatsogolera, dzina limabwera pambuyo.

Makolo athu anali a ku zilumba zimene sizinali za Angerezi. Tipite kuti?

Ku Martinique, Guadeloupe ndi French Guiana ukapolo unatha mu 1848, ndipo akuluakulu a boma anatsegula mabuku olembamo omasulidwa. Munthu aliyense anapatsidwa dzina la banja pomwepo, nthawi zina longopeka kapena lotembenuza zilembo za dzina lake. Mabukuwa amatchula zaka, kumene ankakhala, ndiponso dzina la mayi kwa ambiri. Yambirani pa tsamba la Anchoukaj, kenako pa la ANOM, nyumba yosungira zikalata za maiko a atsamunda a France imene ili ku Aix-en-Provence.

Ku Suriname ndi Curaçao ukapolo unatha pa 1 Julayi 1863. Kaundula wa akapolo ndi wa omasulidwa ali pa tsamba la Nationaal Archief la ku Netherlands, ndipo wa omasulidwa amaonetsa dzina la pa ukapolo pamodzi ndi latsopano. St Croix, St Thomas ndi St John zinali za Denmark mpaka 1917. Kalembera wa anthu wa m'zaka za m'ma 1840 kumeneko anatchula akapolo ndi maina awo, chinthu chosowa kwambiri ku Caribbean. Puerto Rico ali ndi kaundula wa akapolo wa 1872, chaka chimodzi ukapolo usanathe. Ku Cuba unatha mu 1886, ndipo matchalitchi ankasunga mabuku a ubatizo awiri, la azungu ndi la anthu akuda ndi osakanikirana. Funsani onse awiri.

Nanga ngati makolo anachokera ku India, China kapena Madeira?

Ukapolo utatha, eni minda ya nzimbe anatenga antchito a kontirakiti. Amwenye oyamba anafika ku Guyana mu 1838 pa sitima za Whitby ndi Hesperus, ku Trinidad mu 1845 pa Fatel Razack, ku Suriname mu 1873 pa Lalla Rookh. Dongosololi linatha mu 1917. Guyana analandira anthu oposa 230,000, Trinidad oposa 140,000.

Munthu aliyense ankanyamuka ku Calcutta kapena Madras ndi chiphaso chotchula dzina lake, la bambo ake, zaka, gulu lobadwira (caste), mudzi, boma ndi zipsera za pathupi. Chiphasochi chikhoza kukufikitsani pa mudzi weniweni ku India. Kuti muchipeze mufunika dzina la sitima kapena chaka chofikira, kapenanso esiteti imene anatumizidwa. Mabukuwa ali ku National Archives of Trinidad and Tobago ku Port of Spain, ndi ku Walter Rodney National Archives ku Georgetown. A ku Suriname ali pa intaneti. Ambiri anabwera ndi dzina limodzi, ndipo ana awo anasandutsa dzina la bambo kukhala la banja. Ku Trinidad maukwati a Asilamu anayamba kuvomerezeka mwalamulo m'zaka za m'ma 1930, a Ahindu m'zaka za m'ma 1940, ndiye ana obadwa kale analembedwa ngati a makolo osakwatirana.

Apwitikizi a ku Madeira anayamba kufika ku Guyana mu 1835, ndipo amapezeka m'mabuku a Akatolika. Pa maina a anthu a ku China, yesani kutembenuza: mlembi nthawi zambiri ankasokoneza dzina la banja ndi la munthu.

Agogo anachoka pa chilumba kupita kunja. Ndiwatsate bwanji?

Zikalata za kunja nthawi zina ndizo zimatchula mudzi wa kwawo. Pakati pa 1904 ndi 1914 anthu pafupifupi 20,000 a ku Barbados anakagwira ntchito ya kontirakiti pa ngalande ya Panama. Ena anapita ku minda ya nthochi ku Limón, ku Costa Rica, ena ku nzimbe za ku Cuba. Mndandanda wa okwera sitima zofika ku New York kuyambira 1907 umatchula dzina ndi keyala ya mbale amene wotulukayo anamusiya kwawo. Amuna oposa 15,000 analowa gulu la nkhondo la British West Indies Regiment limene linakhazikitsidwa mu 1915.

Kwa opita ku Britain, onani BT 26 ya ku The National Archives, mndandanda wa ofika pa sitima kuyambira 1878 mpaka 1960. Sitima ya Empire Windrush, imene inatsitsa anthu ku Tilbury pa 22 Juni 1948, ili mmenemo ndi okwera 1,027. Koma ofika pa ndege mulibe. Mulibenso ambiri amene anatsikira ku Genoa kapena madoko ena a ku Ulaya n'kumaliza ulendo pa sitima ya pamtunda ndi boti. Makadi amene anthu ankadzaza pofika anawonongedwa mu 2010.

Kodi ndingadziwe dera la ku Africa kumene makolo anatengedwa?

Kudziwa mudzi n'kosowa kwambiri. Kudziwa dera nthawi zina kumatheka. Kaundula akatchula Eboe, Congo, Coromantee, Moco kapena Mandingo, muziwerenga mosamala, chifukwa mawu amenewa kawirikawiri ankaloza gombe limene munthu anakwezedwera, osati mtundu wake weniweni. Maina a tsiku lobadwa a anthu a Akan amapezeka kwambiri ku Jamaica: Cudjoe ndi Juba a Lolemba, Cuffee ndi Phibba a Lachisanu, Quashee ndi Quasheba a Lamulungu. Koma anafalikira kwa anthu a mitundu yonse pa esiteti, moti Cuffee wobadwa mu 1810 si umboni woti makolo ake anali a ku Ghana. Tsamba la SlaveVoyages lili ndi maulendo a sitima oposa 36,000. Likuuzani madoko amene ankatumiza anthu ku chilumba chanu m'zaka zimene mukufufuza, koma maina a onyamulidwawo ambiri sanalembedwe.

Ofunsa ambiri amafuna kudziwa ngati a chigawo chathu chino anafikako. Anafikako, ngakhale anali ochepa poyerekeza ndi a kumadzulo kwa Africa ndi a ku Congo ndi Angola. M'zaka za m'ma 1780 sitima za Afalansa zinkanyamula anthu ku gombe la Mozambique kupita ku Saint-Domingue, kumene lero ndi Haiti, ndipo m'zaka za m'ma 1800 ena anatengedwa kupita ku Cuba. Ogulitsidwa pa gombe limenelo anali Amakua, Ayao ndi ena ochokera mkati, mpaka ku madera a Amaravi. M'zikalata onsewa amangotchedwa Mozambique, kapena Macuá ku Cuba.

Kodi kuyezetsa DNA kungathandize?

Kumathandiza kupeza abale amoyo kuposa kupeza mtundu. Maperesenti a Nigeria kapena Ghana amene kampani imakupatsani ndi ongoyerekeza, ndipo amasintha kampaniyo ikawonjezera anthu owayerekezera. Chofunika ndi mndandanda wa anthu ogawana nanu DNA. Ubalewo amauyeza mu cM, muyeso wa kuchuluka kwa DNA yogawana: ana a anthu obadwa bere limodzi amagawana pafupifupi 850, adzukulu a anthu otero pafupifupi 230. Pa zilumba zazing'ono, kumene mabanja akhala akukwatirana kwa mibadwo, chiwerengerocho chimakwera n'kuonetsa ubale wakutali ngati wapafupi.

Yezetsani wamkulu kwambiri m'banja, chifukwa m'badwo uliwonse umalandira theka lokha la DNA ya kholo. Mayeso otsata mzere wa bambo amafikitsa amuna ambiri a ku Caribbean ku Ulaya, ndipo chifukwa chake ndi nkhanza zimene akazi ankachitiridwa pa ukapolo. Akhozanso kuulula mwana wa kunja amene banja silimamudziwa. Kambiranani zimenezi musanatumize malovu.

Akuti zikalata za kwathu zinapsa. Ndiye kuti basi?

Zambiri zinawonongekadi. Moto unapsereza mbali yaikulu ya Castries ku St Lucia mu 1948, phiri la moto linakwirira Plymouth ku Montserrat m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu Juni 2024 moto unawononga nyumba imodzi ya malo osungira zikalata a boma la Barbados. Chiswe, chinyezi ndi mphepo zamkuntho zadya zina mwakachetechete.

Funsani ngati panali kope lachiwiri. Kaundula wa akapolo ali ndi makope ku Kew. Zilumba za Afalansa zinalamulidwa kuyambira 1776 kuti zizitumiza makope ku France. Maparishi a ku Jamaica ankatumiza makope ku Spanish Town. Mabuku ena anajambulidwa kale ndi FamilySearch, Digital Library of the Caribbean kapena Endangered Archives Programme ya British Library. Zikasowa zonsezi, pitani ku zikalata za malo, mawilo, mabuku olembera ana a sukulu, ndi manyuzipepala. The Gleaner ya ku Jamaica yakhala ikutuluka kuyambira 1834.

Kodi ndiyenera kupita ku chilumbako?

Pitani mukamaliza zonse zopezeka pa intaneti, muli ndi dzina la parishi, mpingo ndi zaka zimene mukufuna. Lemberani kalata malo osungira zikalata musananyamuke, chifukwa mabuku ena ong'ambika satulutsidwa, ndipo maofesi ena amafuna umboni woti ndinu mbale musanapatsidwe satifiketi. Kwa abusa kapena ansembe pemphani nthawi pasadakhale. Siyani tsiku limodzi la ku mudzi weniweniwo: mabanja ambiri a kumidzi ku Jamaica amaika maliro pa malo a banja, kuseri kwa nyumba, ndipo ziliza zimenezo simudzazipeza m'kaundula wa manda aliwonse. Tengani madzi ndi burashi yofewa yotsukira zilembo, ndipo jambulani m'mawa kapena madzulo, dzuwa likamawomba cham'mbali.